Mutu 7: Timu ya Cross Country Imapambana ndi Wachinayi

Mwana wa ku Mwanza amakula akukwera zitunda. Boma limeneli lili kumadzulo kwa Blantyre, m'malire ndi dziko la Mozambique, ndipo malo ake ambiri ndi mapiri ndi zigwa. Kwa Kanduku, kwa Nthache, ku Thambani ngakhale ku Kunenekude, njira yopita kusukulu, kuchigayo kapena kumsika imakwera, kutsika, n'kukweranso. Wophunzira wa sukulu yoyendera amene amapondaponda njira zoterezi m'mawa ndi madzulo amakhala kale ndi miyendo yolimba komanso mpweya wokwanira. Chomwe chimasowa ndi munthu woti asonkhanitse ana otere, awaumbe kukhala timu, n'kuwaperekeza kuyambira tsiku loyamba la zokonzekera mpaka tsiku la mpikisano. M'masukulu athu munthu ameneyu amakhala mphunzitsi wa zamasewera, yemwe ana amangomutcha kochi. Mutu uno ukufotokoza ntchito yake m'nyengo yonse ya cross country.

Mpikisano wa m'tchire

Cross country ndi liwiro la mtunda wautali lomwe silichitikira pabwalo lozungulira kapena pamsewu wa tara. Othamanga amadutsa mu udzu, m'matope, m'zitunda ndi m'madambo, motsata njira yomwe okonza mpikisano aizika timbendera kapena kuimangira zingwe. Masewerawa anayambira m'masukulu a ku England m'zaka za m'ma 1800. Mpikisano wa chaka ndi chaka wa pakati pa mayiko unayamba mu 1903 ku Hamilton Park, ku Scotland, ndipo wa dziko lonse, womwe lero uli m'manja mwa bungwe la World Athletics, unayamba mu 1973 ku Waregem, m'dziko la Belgium. Kuyambira mu 2017 akuluakulu, amuna ndi akazi omwe, amathamanga makilomita 10. Anyamata osakwana zaka 20 amathamanga makilomita 8, atsikana 6, ndipo ana ocheperapo msinkhu amawafupikitsira mtunda.

Ubwino wa masewerawa ndi woti saboola m'thumba. Safuna mpira, zigoli kapena bwalo losalaza. Zola Budd, wobadwira ku South Africa, anapambana mpikisano wa dziko lonse mu 1985 ndi 1986 akuthamanga wopanda nsapato. Sukulu iliyonse ya ku Mwanza yomwe ili ndi wezulo, wotchi ndi kope ikhoza kukhala ndi timu.

Masamu a mapointi

Pa mpikisano wa dziko lonse timu imalowetsa othamanga 6, koma mapointi amawerengedwa a anayi oyamba kufika. Wofika poyamba amapatsa timu yake pointi 1, wachiwiri 2, wa nambala 20 amapereka mapointi 20. Timu yomwe ili ndi mapointi ochepa ndiyo yapambana. M'makoleji a ku America amalowetsa 7 n'kuwerenga asanu, koma mfundo yake ndi yomweyi.

Tiyerekeze sukulu ziwiri. Yoyamba ili ndi anyamata awiri oopsa pa liwiro, ndipo afika pa nambala 1 ndi 2, koma anzawo afika pa 15 ndi 24. Tikaphatikiza, mapointi akukwana 42. Sukulu yachiwiri ilibe katswiri ndi mmodzi yemwe, koma ana ake afika pa 5, 7, 9 ndi 12. Mapointi awo ndi 33, ndipo chikho ndi chawo. Matimu awiri akafanana mapointi, imapambana ndi imene wachinayi wake wafika msanga. Ngakhale awiri otsalawo, omwe mapointi awo sawerengedwa, ali ndi ntchito: akapitirira munthu wa timu ina amamukankhira m'mbuyo, n'kuionjezera timuyo pointi.

Timu ya amuna ya dziko la Kenya inatenga chikho cha dziko lonse zaka 18 zotsatizana, kuyambira mu 1986 mpaka 2003. N'zoona kuti inali ndi John Ngugi komanso Paul Tergat, omwe aliyense anapambana kasanu. Koma chikho cha timu chinkabwera chifukwa kumbuyo kwa akatswiriwa kunkakhala chigulu cha anzawo chofika motsatizana. Mu 2017 ku Kampala, akazi a ku Kenya anatenga malo onse kuyambira 1 mpaka 6.

Apa ndiye pagona nkhani ya mutu uno. Katswiri akachoka pa nambala 2 n'kufika pa 1, wapulumutsa pointi imodzi yokha. Wachinayi akachoka pa 24 n'kufika pa 14, wapulumutsa mapointi 10. Kochi amene maso ake onse ali pa mwana mmodzi waliwiro amabwerera ndi mendulo imodzi, chikho chitapita kwina.

Kusankha ana

Padziko lonse nyengo ya cross country imagwa pakati pa Novembala ndi Malichi. Kwathu kuno chaka cha sukulu chimayamba mu Sepitembala, choncho kochi amakhala ndi materemu awiri oti akonzekeretse timu. Ntchito imayamba sabata zoyambirira, pomwe a Fomu 1 akungozolowera kumene.

Kochi wabwino amaitana aliyense, osati okhawo odziwika kale pa mpira. Amawathamangitsa makilomita awiri kapena atatu, iye ataima pothera ndi kope m'manja. Amalemba amene wafika poyamba, koma amaonetsetsanso mwana amene anayamba kumbuyo n'kumapitirira anzake mmodzimmodzi, komanso uja wafika mochedwa koma sanaime panjira. Ana oterewa ndi amene amadzakhala wachitatu ndi wachinayi. Gulu loyamba nalo lizikhala lalikulu, ana 15 kapena 20 mbali iliyonse, ya anyamata ndi ya atsikana, chifukwa pofika Febuluwale ena amakhala atadwala, ena atasamuka, ena atagwa ulesi.

Atsikana asamasiyidwe. Pamafunika mphunzitsi wamkazi woti aziyenda nawo pokonzekera ndi pa maulendo, ndipo makolo auzidwe bwinobwino nthawi yomwe ana aziweruka. Pa nkhani ya zaka, kochi anene zoona. Kulowetsa mnyamata wa zaka 21 m'gulu la ana a zaka 16 ndi kuba, ndipo kumaphunzitsa timu yonse kuti chinyengo chimapindulitsa.

Mphunzitsi amene sanathamangepo asadziderere. Brother Colm O'Connell wa ku Ireland anafika pa sukulu ya St Patrick's ku Iten, m'dziko la Kenya, mu 1976 kudzaphunzitsa jogalafe, alibe maphunziro aukochi. Anaphunzira ntchitoyi poyang'anitsitsa ana ake, ndipo m'manja mwake munadutsa Peter Rono, yemwe anapata golide pa Olympics ya 1988, komanso David Rudisha. Ku Bekoji, tauni yaing'ono ya ku Ethiopia, mphunzitsi wa zamasewera Sentayehu Eshetu ndiye anayambitsa Derartu Tulu, Kenenisa Bekele ndi Tirunesh Dibaba. Aphunzitsi awiriwa anayambira pasukulu wamba, ndi ana a alimi.

Teremu yoyamba: kuzoloweretsa thupi

Kuyambira Sepitembala mpaka Disembala, cholinga ndi chimodzi: thupi lizolowere kuthamanga nthawi yaitali. Ongoyamba kumene amathamanga mphindi 20 kapena 30, masiku atatu kapena anayi pa sabata. Liwiro lake likhale loti awiri akhoza kumacheza akuthamanga. Mwana akayamba kuchita befu moti sangathe kumaliza chiganizo, ndiye kuti wathamangitsa. Ana ambiri savomereza zimenezi msanga, chifukwa amaona ngati tsiku lililonse ndi mpikisano. Kochi ayenera kulimbikira mfundoyi: pa maulendo khumi aliwonse, pafupifupi asanu ndi atatu azikhala ofatsa. Kuthamanga kofatsa ndi komwe kumakulitsa mphamvu ya mtima, kuchulukitsa timitsempha tonyamula magazi m'minofu, komanso kulimbitsa mafupa ndi mfundo za miyendo. Mtima ndi mapapo zimazolowera msanga, pomwe mafupa amachedwa. N'chifukwa chake mwana amene waonjezera mtunda mwadzidzidzi amayamba kudandaula msongolo ndi mawondo. Makochi ambiri amaonjezera mtunda pang'onopang'ono, osapitirira gawo limodzi mwa magawo khumi pa sabata. Pofika Novembala, ozolowera amatha kuthamanga mphindi 50 kapena ola lathunthu kamodzi pa sabata. Tsiku limodzi pa sabata likhale lopumuliratu.

Miyezi imeneyi ndi ya dzuwa loswa mtengo. Mu Okutobala ndi Novembala timu izithamanga m'mamawa kapena dzuwa litapendeka, ndipo mwana aliyense amwe madzi asanayambe komanso akamaliza. Njira nazo zisankhidwe mosamala. Msewu wa M6, wochoka ku Zalewa kukafika kuchipata cha Mwanza, mumadutsa mathiraki opita ku Zobue ndi ku Tete usana ndi usiku, choncho si malo othamangitsiramo ana. M'mbali mwa njanji ya sitima za malasha zochokera ku Moatize namonso ayi. Misewu yafumbi ndi tinjira ta kumunda ndi tabwino kuposa tara, chifukwa dothi silipweteka mfundo ndipo mabampu ake amalimbitsa akakolo.

Tchuthi cha Khirisimasi chimagwetsa matimu ambiri. Ana amabalalika, ndipo kumudzi akawapeza ndi khasu, poti ndi nthawi yodzala ndi kupalira. Kochi asanamizire kuti ana akatsata ndondomeko yonse. Ndi bwino kuwapempha zochepa zomwe angakwanitse: kuthamanga mphindi 30 katatu pa sabata, ndipo oyandikana midzi azitengana.

Teremu yachiwiri: zitunda ndi liwiro

Sukulu zikatsegulira mu Januwale, mvula imakhala ili pakati, ndipo nthaka imafanana ndi yomwe ana akaipeze pa mpikisano. Tsopano kochi amalowetsa masiku awiri olemetsa pa sabata, motalikirana, pakati pake pali masiku ofatsa.

Tsiku loyamba ndi la chitunda. Kochi amasankha chitunda chosaimirira kwambiri, chomwe mwana angakwere kwa mphindi imodzi. Ana amayamba atenthetsa thupi pothamanga mofatsa kwa mphindi 15. Kenako wezulo ikalira amakwera mwamphamvu, mapazi akuponda pafupipafupi, manja akupalasa, maso ali patsogolo osati pansi. Akafika pamwamba sakuyenera kuima pomwepo. Apitirire mamita ena 20, chifukwa pa mpikisano anthu ambiri amafooka akangofika pansonga, ndipo mpomwe wochenjera amawapitirira. Amatsika pang'onopang'ono n'kubwerezanso. Sabata yoyamba kasanu kapena kasanu ndi kamodzi n'kokwanira. Kochi aime pakati pa chitunda, pamene miyendo imayamba kulemera, ndipo ayang'ane nkhope. Ulendo womaliza ukhale wofanana liwiro ndi woyamba. Ngati ana ayamba kukwawa, zokonzekera za tsikulo zithere pomwepo. Kutsetsereka nakonso kumaphunziridwa: thupi lipendekere kutsogolo pang'ono, osagwira mabuleki ndi zidendene.

Tsiku lachiwiri ndi la fartlek, njira yomwe anaiyambitsa Gösta Holmér ku Sweden m'zaka za m'ma 1930. Ana amathamanga mwamphamvu mphindi ziwiri, mofatsa mphindi imodzi, n'kumasinthasintha choncho kwa mphindi 20 kapena 25. Pamenepa mpomwe kochi amaphunzitsa kuthamanga pagulu. Wachitatu, wachinayi ndi wachisanu amawamangirira pamodzi, n'kuwauza kuti asatayane. Akuluakulu anati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi, ndipo mwana amene wazolowera kumva mapazi a mnzake pambali pake sataya mtima msanga. Muyezo weniweni wa timu ndi mpata wa pakati pa woyamba ndi wachinayi. Kochi aziulemba sabata iliyonse. Ngati mu Januwale unali mphindi zitatu ndipo mu Febuluwale watsika kufika pa mphindi imodzi ndi theka, ntchito ikuyenda.

Mipikisano ing'onoing'ono ndi sukulu zoyandikana imathandiza kuchotsa mantha. Iwiri kapena itatu ndi yokwanira mpikisano waukulu usanafike.

Njala, malungo ndi magazi

Adani enieni a timu ya kwathu kuno sakhala pamzere woyambira. Miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, yomwe zokonzekera zimalemera, ndi yomwenso nkhokwe zimakhala zitapepuka m'makomo ambiri. Mwana amene wagona ndi njala sangakwere chitunda kasanu ndi kamodzi, ndipo kumukakamiza ndi kumuvulaza. Kochi azifunsa mwachinsinsi, osati pagulu: "Kodi lero wadya chiyani?" Yankho lake ndi limene linganene ngati mwanayo athamange mwamphamvu kapena ayi. Ahedi ndi komiti ya makolo akagwirizana zophika phala la mgaiwa lothira nsinjiro pa masiku awiri olemetsa aja, timu imasintha m'masabata ochepa. Chakudya cha wothamanga sichachilendo: nsima, nyemba, nandolo, mtedza, usipa, mbatata, chinangwa ndi masamba monga bonongwe, chisoso ndi nkhwani, zomwe dzinja zimapezeka paliponse.

Kuchepa kwa magazi kumafooketsa othamanga ambiri, makamaka atsikana chifukwa cha kusamba. Zizindikiro zake ndi kutopa msanga, chizungulire, mtima kuthamanga komanso kuyera m'zikope ndi m'manja. Mwana amene mwezi watha ankatsogola koma lero akutsalira popanda chifukwa asanenedwe kuti ndi waulesi. Apite kuchipatala akamuyeze. Zipatso zowawasa zimathandiza thupi kuyamwa ayironi wa mu nyemba ndi masamba, choncho mandimu, malalanje ndi manachesi omwe Mwanza imatchuka nawo azidyedwa pamodzi ndi chakudya pa nyengo yake.

Malungo nawo amachuluka nthawi ya mvula. Mwana aliyense wa m'timu azigona m'neti, ndipo amene thupi latentha asathamange, akayezetse tsiku lomwelo. Akapezeka nawo amalize mankhwala onse, apume, kenako ayambirenso mofatsa ngakhale mpikisano utayandikira. Kochi apewenso kudutsitsa ana m'madzi odikha momwe mumakhala nkhono za likodzo, asawaolotse mtsinje wodzadza, ndipo kukayamba ziphaliwali onse abwerere. Matuza, minga ndi kubinya mwendo zimachitika. Amene wagula nsapato pa kaunjika azizolowere masabata angapo, asadzazivale koyamba pa tsiku la mpikisano.

Sabata yomaliza ndi tsiku lenileni

Kukatsala masiku 7 kapena 10, kochi amachepetsa mtunda pafupifupi ndi theka, n'kusiya timaliwiro tifupitifupi toti miyendo isaiwale. Mphamvu sizionjezereka m'sabata yomaliza, koma kutopa kumatha. Makochi ambiri amalakwitsa pomwepa chifukwa cha mantha, n'kufikitsa pa mpikisano ana otheratu. Nkhani ya mayendedwe, chakudya ndi makalata a makolo ithe masiku akadalipo.

Pa tsikulo ana adye phala kapena mbatata kukatsala maola atatu. Akafika, kochi ayende nawo njira yonse wapansi, akuwalozera popanikiza, poterera ndi pomwe pali chitunda. Wezulo yoyambira ikalira, khamu lonse limaliyatsa liwiro la mtondo wadooka. Ana ayambe mwamphamvu mamita 200 oyambirira kuti asatsekerezedwe, kenako akhazikike pa liwiro lomwe analizolowera.

Kuthamanga sikufika. Pa 26 Malichi 2017, pabwalo la Kololo ku Kampala, Joshua Cheptegei wa ku Uganda anawasiya anzake kutali pamaso pa anthu akwawo, kunja kukutentha. Pozungulira komaliza miyendo inamukana. Geoffrey Kamworor wa ku Kenya anamupitirira n'kupambana, ena ambiri anamudutsanso, koma Cheptegei sanatuluke m'njira. Anadzandira mpaka kukafika pa nambala 30, mapointi ake anawerengedwa, ndipo timu ya Uganda inapata mendulo ya buronzi. Patatha zaka ziwiri, mu 2019 ku Aarhus m'dziko la Denmark, iye yemweyo anakhala katswiri wa dziko lonse. Ana aphunzirepo ziwiri: kusunga mphamvu, komanso kumaliza chifukwa cha anzako. Komabe kochi adziwe malire. Mwana amene wasokonezeka mutu, sakuzindikira anthu kapena wagwa chifukwa cha kutentha achotsedwe nthawi yomweyo, aikidwe pamthunzi, athiridwe madzi thupi lonse, n'kuthamangira naye kuchipatala.

Malo a kochi pa mpikisano ndi patchire, chapakati pa njira, pomwe palibe ochemerera. Pamenepo amawerenga odutsa n'kumauza mwana aliyense zoti agwiritse ntchito. "Uli pa 16! Awiri ali patsogolowo atopa, agwire!" Mawu otere amathandiza kuposa kungokuwa kuti "Limbikira!" Katswiri wa timu safuna zambiri. Mawu amphamvu asungidwire wachinayi ndi wachisanu, omwe pa nthawiyo amakhala akuganiza zoima.

Mpikisano ukatha

Kaya timu yapambana kaya yagonja, kochi adikire pothera mpaka mwana wake womaliza atafika, ndipo amugwire chanza monga wachitira woyamba. Zolakwika zikambidwe mawa lake, mitima itakhala pansi. Kenako ana apume sabata imodzi kapena ziwiri. A Fomu 2 ndi Fomu 4 apatsidwe mpata wokonzekera mayeso a JCE ndi MSCE, chifukwa wothamanga amene walephera sukulu amakhala wataya zambiri kuposa chikho. Kope lija, momwe muli nthawi, matenda ndi mapointi a mwana aliyense, lisungidwe mu ofesi kuti wodzatenga ntchitoyi asadzayambire pachabe.

Njira yopitira patsogolo ilipo. Masewera a m'sukulu amayendetsedwa ndi bungwe la Malawi Schools Sports Association, ndipo pamwamba pali bungwe loona zothamanga m'dziko muno komanso Malawi National Council of Sports. Okonda mapiri ali ndi mpikisano wa Porters Race pa phiri la Mulanje. Catherine Chikwakwa anaimira dziko lino pa Olympics ya ku Sydney mu 2000 akadali wa msinkhu wa kusekondale, ndipo mu 2004 anapata mendulo ya siliva pa mamita 5,000 pa mpikisano wa achinyamata wa dziko lonse ku Grosseto, m'dziko la Italy. Lucia Chandamale anathamanga ku Beijing mu 2008, Mike Tebulo anathamanga marathon ku London mu 2012, ndipo Kefasi Chitsala anathamanga mamita 5,000 ku Rio de Janeiro mu 2016.

Si mwana aliyense amene adzakwere ndege chifukwa cha liwiro, koma aliyense amene wamaliza nyengo yonse amatuluka ndi thupi lathanzi, mwambo wosunga nthawi komanso mtima woganizira anzake. Inu ahedi, mupatseni mphunzitsi wa zamasewera nthawi ndi ndalama ya mayendedwe. Inu makolo, lolani ana anu, aakazi ndi aamuna omwe, ndipo sonkhani kaufa ka phala. Ndipo inu aphunzitsi amene mwapatsidwa wezulo, yambani mu Sepitembala, itanani ana ambiri, ndipo muwasamale onse mpaka tsiku la mpikisano.